Hutala ya Bambo Vasek

Tsiku limene nyimbo ija inalira koyamba pa wailesi, Twila Marchbanks anali akuchapa malaya m'bafa la kanyumba kake ka lendi ku Austin. Anathamangira kukhitchini manja ali thovu lokhalokha, n'kuima pafupi ndi wailesi pakamwa pali yasa. Gitala yake yamagetsi inalowa mwaukali, ng'oma pambuyo pake, kenako mawu ake omwe, aja anthu ankati ndi a kumudzi kwambiri moti sangagulitse chimbale. Zaka zonse zoimba m'mabala, pomwe wina amakuponyera botolo wina n'kumakupempha nyimbo ya munthu wina, zinathera pa mawu a muulutsi akuti, "Ameneyu ndi Twila, mwana wa konkuno ku Texas. Musiye kutiimbira foni, tiibwerezanso madzulo."

Analira pang'ono, anapukuta m'maso ndi mkono, n'kubwerera kukamaliza kuchapa madzi asanazizire.

Pasanathe mwezi, nyimbo ya "Hutala" inali m'malole, m'malo odyera, m'mashopu ometa. Vuto linali limodzi. Wailesi ija imamvekanso ku Rosna, kwawo kwa Gilbert Vasek, mnyamata wokonza mathirakitala amene anamuveka mphete pa Pasaka.

Nkhani ya m'nyimbomo inali ya bambo ake a Gilbert. Chilala cha chaka chatha chinawagulitsitsa a Laddie Vasek ng'ombe zonse, mpaka kathole komaliza. Tsiku lina m'mawa Gilbert anawatsatira, n'kuwaona akutsegula geti la busa lopanda kanthu, kulowetsa pikapu, n'kuliza hutala monga ankachitira poitana ng'ombe kuti zidzadye. Anadikira. Kenako anatsamira chiwongolero n'kulira ngati mwana. Ndipo ankachita zimenezi m'mawa uliwonse.

Gilbert sanauze amayi ake, sanauze wansembe. Anauza Twila yekha.

*

Gilbert anabwera Loweruka masana osagogoda, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Walowa ngati wapolisi bwanji? Khala pansi, ndikukazingire mazira."

"Sindinabwerere mazira."

"Ndiye wataya mafuta ako pachabe. M'nyumba muno muli mazira ndi gitala basi."

Gilbert sanaseke. "Nkhani ija ndinakuuza tili awiri, Twila."

"Sindinatchule dzina."

"Dzina? 'Pikapu yobiriwira, chitseko chabuluu.' Ku Rosna mapikapu obiriwira a chitseko chabuluu alipo angati? Bola ukanatchula dzina n'kusiya chitsekocho. Bwenzi ena akuganiza kuti ndi Vasek wina."

Twila anaika poto pamoto kuti manja apeze chochita. Chilungamo chake n'chakuti anayesa kusintha. Anayesa chitseko chofiira, anayesa lole yoyera, koma nyimbo inkafa nthawi yomweyo. Nyimbo imafuna chinthu chenicheni, ukainamiza imadziwa. Koma mawu amenewo sungamuuze mwamuna amene bambo ake asiya kutuluka pakhomo.

"Ali bwanji?" anafunsa.

"Asiya kupita kumasewera a madomino. Ku Misa akupita ya m'mamawa, ya nkhalamba zitatu zija. Anyamata a kusekondale akamadutsa pa geti pathu akuliza hutala. Dzulo amayi anawathamangitsa ndi tsache mpaka kumsewu."

"Ndipepesa, Gil. Ndipita ndekha."

"Pita. Koma imva uthenga wa amayi. Komiti inakulemba kalekale kuti udzaimbe pa chikondwerero cha parishi, ndiye sangakuchotse. Akuti ukadzangoimba nyimbo imeneyo, mphete ya agogo ibwerere tsiku lomwelo."

Twila anayang'ana chala chake. Mpheteyo inali yopyapyala, yotha ndi ntchito za manja a mayi wina amene sanamuonepo.

"Awo ndi mawu a amayi ako. Nanga ako?"

Gilbert anatembenuza chipewa kangapo. "Ndimakukonda, ukudziwa. Koma ndi bambo anga. Anthu akadzawaseka pamaso panga iwe uli pansanja, sindidziwa kuti ndingadzakuyang'anenso bwanji."

Mazira anadya ndithu. Mwamuna angakwiye bwanji, ngati wayendetsa galimoto m'mawa wonse, amadya. Koma pochoka anamupsompsona pamphumi, ngati mlongo wake.

*

Lachisanu loti chikondwerero ndi Lamlungu, Twila anapita ku Rosna. Khitchini ya Mayi Bernadine Vasek inali yodzaza matileyi a makolachi, mabanzi otsekemera a kumeneko, ena a zipatso, ena a tchizi, fungo lake lofika mpaka kumsewu. Patebulo, manja ali mu ufa, panali Marcella Pokorny, mtsikana amene Mayi Vasek anamusankhira Gilbert onse akadali ku pulayimale. Marcella sankaphonya Misa, sankaphonya maliro, ndipo chiyambire nkhani ya nyimboyi sankaphonya tsiku osafika kwa a Vasek.

"Tayenderedwa ndi wailesi," anatero Marcella akumwetulira. "Manja amenewo amaudziwa ufa, kapena ndi a zingwe zokha?"

"Amadziwa kusintha tayala pamsewu popanda kuimbira foni abambo," anayankha Twila. "Mwaswera bwanji, Mayi Vasek?"

Mayi Vasek sanatembenuke. Anatulutsa tileyi mu uvuni, anaiika bwinobwino, anapukuta manja.

"Wabwera kudzatenga nkhani ina?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Kupepesa kumazimitsa wailesi?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye usanditayitse nthawi, makolachi akundidikira." Kenako anamuyang'ana m'maso. "Bambo aja ndakhala nawo moyo wanga wonse. Sindinawaonepo akugwetsa msozi. Ndinamva kuti amalira ndili pamzere kusitolo, Mayi Kubena ali kumbuyo kwanga, wailesi ya m'sitolo ikundiuza. Ukumva? Za mwamuna wanga ndinauzidwa ndi gitala."

Twila sanathawe maso awo.

"Lamlungu sindiimba nyimbo imeneyo," anatero. "Ngakhale apemphe ndani. Ndikulonjeza."

"Anthu akubwera chifukwa cha yomweyo," Marcella anaikapo. "Ndamva kuti mpaka wa nyuzipepala wa ku Houston. Mudzapirira, achemwali? Oimba paja m'manja mukamawombedwa simumva china."

"Udzaone wekha, ukadzapeza mpata pakati pa matileyi."

Anapempha kuonana ndi a Laddie. Mayi Vasek anangoloza ndi chibwano kushedi. Twila atafika pakhomo la shediyo anawapeza atagwada pambali pa pikapu, burashi ili m'manja. Ankapaka penti wobiriwira pa chitseko chija. Theka linali litabisika kale.

"Bambo Vasek, ndine Twila."

Burashi inapitiriza kukwera ndi kutsika.

"Ndinakulakwirani. Sindinalembe kuti anthu akusekeni. Ndinalemba chifukwa nditamva, sindinathe kugona."

"Tseka chitseko," anatero osacheuka. "Fumbi likulowa mu penti."

*

Lamlungu, Misa ya m'mawa itangotha, bwalo la parishi linadzaza mpaka magalimoto ena anaima m'munda wa a Kubena. Chikondwerero cha Rosna chimakhala cha anthu odziwana, koma chaka chino panali zipewa zachilendo zambiri: alimi ochokera kutali, ena kumpoto kwenikweni, akazi awo atanyamula mipando yopinda.

A Laddie anabwera. Sakanachitira mwina, chifukwa supu wa nyama wa pachikondwerero amatakasa ndi iwo chiyambire bambo awo atamwalira, ndipo palibe wina amene amaloledwa kugwira mthiko waukulu uja. Anaima kuseri kwa miphika, chipewa chili mpaka pamphuno.

Twila akumanga zingwe za gitala pansanja ya m'holo, Cleve wa ng'oma anamukodola ndi ndodo.

"Taona uko. Munthu wako wa m'nyimbo akujambulidwa."

Panja, pafupi ndi pogulitsira mowa, a Ignac Pokorny, bambo ake a Marcella, anali atatsamira pikapu yawo yobiriwira, mimba patsogolo, wa nyuzipepala akuwajambula. Alendo anali atawazungulira. Wina anawagwira chanza ndi manja awiri, wina anawapatsa mowa, mayi wina ankapukuta misozi.

"Zatheka bwanji?" anafunsa Twila.

"Alendo afika akufunsa kuti bambo wa chitseko chabuluu ndi uti, akufuna kumugwira dzanja. Ayendayenda pamagalimoto, chitseko chabuluu palibe. Ndiye mkulu uja wangoti ndine, chitseko ndinasinthitsa. Kuyambira m'mawa sanagulepo mowa ndi ndalama yake."

Anthu a ku Rosna ankaonerera chapatali, akugwirana m'nthiti. Palibe anafuna kuwatsutsa a Ignac, chifukwa kuwatsutsa kunali kuloza a Laddie.

Gulu la Twila linayamba dzuwa lili pamutu. Anaimba zovina, holo inagwedezeka, ana akutsetsereka pakati pa miyendo ya akuluakulu. Anaimba ya msewu wa ku Lubbock, anaimba ya lendi, anaimba ya amayi ake. Nyimbo iliyonse ikatha, mawu ankachokera kumbuyo: "Hutala." Poyamba mmodzi, kenako khumi, kenako holo yonse ikumenya mapazi pansi.

"Imeneyo lero yatsala kunyumba," anatero Twila pa maikolofoni. "Ndili ndi ina yokoma kuposa."

Anamukuwiza. Si onse, koma okwanira kuti amve kutentha kumaso. Bambo wina wa ndevu zoyera anaimirira n'kuti, "Mwanawe, ife tanyamuka kusanache chifukwa cha nyimbo imeneyo." Wa nyuzipepala ankalemba mofulumira.

Cleve anaweramira kutsogolo. "Twila, munthu uyo akalemba kuti unakana nyimbo yako yomwe pamaso pa alimi, chimbale chako chifera m'makatoni. Ingoimba. Amuna ndi ambiri, nyimbo yotere ndi imodzi."

Twila anayang'ana kukhomo. Gilbert anali ataima pamenepo ndi kreti ya zakumwa paphewa, osaitula, osasuntha. Anaganiza za mabala aja, za matiresi a m'galimoto, za amayi ake amene anamwalira akumufunsabe kuti adzapeza liti ntchito yeniyeni. Zonse anazidziwa kulemera kwake. Koma analonjeza m'khitchini ya mayi wa mwini, ndipo lonjezo silisintha chifukwa choti holo yadzaza.

"Yotsatira," anauza Cleve. "Ya gule uja wa polika."

*

Asanagunde chingwe, a Ignac anali atakwera kale pansanja, kapu ya mowa ili m'dzanja. Anatenga maikolofoni ngati ndi yawo.

"Anthuni, musamukuwize mwanayu. Ndi ulemu umenewu, akundiopa ine." Anatembenukira kwa Twila, dzanja pachifuwa. "Imba, mwana wanga. Ine mwini nkhani ndakuloleza. Misozi yanga si yobisa."

Alendo anawomba m'manja. A ku Rosna anayang'ana pansi.

"Mwini nkhani ndani?"

Mawuwo anachokera pakhomo la m'mbali. A Laddie anali ataima pamenepo, epuloni ili m'chiuno, mthiko waukulu uli m'manja ukudontha supu.

"Laddie, bwerera kumiphika," anatero a Ignac. "Nyama ipserera."

"Ndikufunsa, mwini nkhani ndani? Iwe Ignac unalirapo liti? Pa maliro a amayi ako unali kalikiliki kutsutsana ndi wa mabokosi."

Holo inaphulika ndi phwete la anthu a ku Rosna, amene analigwira kuyambira m'mawa.

"Chilala chinatipweteka tonse," a Ignac anayesa.

"Tonse? Iwe uli ndi chitsime cha apongozi ako. Ng'ombe zako zili kuseri kwa nyumba pano tikunena, zonenepa ngati mwini wake. Ukaliza hutala zimabwera. Ukudziwa kuti kuliza hutala osabwera kanthu kumamveka bwanji? Wamwa mowa wa misozi yanga kuyambira m'mawa, ndakhala ndikukuona."

Bambo wa ndevu zoyera uja anakweza dzanja mwaulemu. "Pepani, akulu. Ife tayang'ana magalimoto onse panjapo. La chitseko chabuluu palibe."

A Laddie anamuyang'ana, anayang'ana a Ignac, n'kupatsira mthiko kwa wansembe amene anali pafupi. Anatuluka. Anthu anamva injini ikutsokomola, kenako pikapu yobiriwira inabwera pang'onopang'ono pakati pa matebulo a panja, amayi akukoka ana, mpaka mphuno yake inasuzumira pakhomo lalikulu la holo. Anatsika, anatulutsa kampeni m'thumba, n'kupala penti wa pachitseko. Anapala mpaka panaoneka buluu wokula ngati chikhatho.

"Bwera udzaone, iwe wa nyuzipepala. Ulembe bwino. Vasek. Ladislav Vasek."

Wandevu uja ndiye anayamba kufika. Anavula chipewa, anawagwira dzanja, n'kulisunga. Kenako anati, "Zanga ndinagulitsa mwezi umodzi ndi inu. Ine ndinkapita kubusa madzulo, kuti akazi anga aziganiza kuti ndili kumowa."

"Ine ndinkanyamula ndi thumba la chakudya lomwe," anatero wina kumbuyo kwake.

A Laddie anawayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, ngati akuwerenga ng'ombe zobwerera. Kenako analoza pansanja ndi kampeni kaja.

"Iwe mtsikana."

"Bambo."

"Unalakwitsa. M'nyimbo mwako hutala ikulira kamodzi, kotalika ngati sitima. Ng'ombe iti ingabwere ndi zimenezo? Ndi kawiri kofupika, kenako kamodzi kotalika. Anthu aziganiza kuti sindidziwa kuitana ng'ombe zanga. Imba, ndikuonetse."

"Sindingathe, bambo. Ndinalonjeza kwa Mayi Vasek."

Mitu yonse inatembenukira kuwindo la khitchini. Mayi Vasek anali pamenepo, manja atapinda pachifuwa, Marcella pambali pawo nkhope itafiira chifukwa cha bambo ake amene ankatsika pansanja cham'mbali.

"Bernadine, mmasule mwanayu," anatero a Laddie.

"Nkhope ndi yanu, bambo. Mwaipala nokha ndi mpeni. Ine ndinganene chiyani?"

Twila anadikirabe. Mayi Vasek anamuyang'ana, kenako anagwedeza mutu kamodzi movomereza.

Cleve anawerenga ndi ndodo, gitala inalowa, ndipo holo imene inkakuwa ija inati zii.

*M'mawa uliwonse atsegula geti,*
*pikapu yobiriwira, chitseko chabuluu.*
*Aitana, aitana, udzu suyankha,*
*lobwera ndi fumbi lokha.*

Pamalo pamene gitala imalira ngati hutala, Twila anachotsa dzanja pazingwe. A Laddie anapisa mkono pawindo la pikapu. Kawiri kofupika, kamodzi kotalika. Mawindo a holo ananjenjemera.

Pofika ndime yachiwiri, amuna anali akutuluka mmodzimmodzi kupita kumagalimoto awo. Nthawi itakwananso, bwalo lonse linayankha, aliyense ndi kaitanidwe kake, wina katatu, wina kosalekeza, wina hutala yosasa mawu ngati tsekwe. Kumunda wa a Kubena nakonso zinalira. Ndipo chapatali, kuseri kwa mpanda wa a Pokorny, ng'ombe za a Ignac zinayamba kulira n'kuthamangira kuwaya. Anthu anaseka misozi ili m'masaya.

A Laddie analira ndithu, poyera, chipewa chili kumbuyo kwa mutu. Palibe anayang'ana kumbali. Twila anamaliza nyimboyo, ndipo m'manja munawombedwa mpaka wansembe anachita kupempha kuti anthu akadye.

*

Gilbert anamupeza kuseri kwa nsanja akupinda mawaya.

"Kreti ija unaitula?" anafunsa Twila osadzutsa mutu.

"Ndinaiwala kuti ndanyamula. Phewa lafa." Anagwada n'kumulanda waya. "Unakana holo yonse."

"Ndinakana."

"Chifukwa cha ine?"

"Usadzimve. Chifukwa cha amayi ako. Iwe sindikuopa."

Ulendo uno sanamupsompsone pamphumi, koma pamilomo. Cleve anatsokomola n'kunyamula ng'oma zake kupita nazo panja.

Atatuluka, anapeza a Laddie atakhala pa bampala, wa nyuzipepala akulemba, alimi atawazungulira ngati sukulu. Atamuona Twila anamukodola.

"Uyu ndi mpongozi wanga," anauza gululo. "Kuphika sindikudziwa, koma bodza alibe. Ukwati ndi mwezi wa Okutobala, m'holo momwemuno, nonse mubwere. Ignac abwere ndi mowa wake." Kenako anatsitsa mawu. "Ukadzajambulanso, udzanditenge. Hutala ya m'chimbale ija ndi yamanyazi."

Kukhitchini, Mayi Vasek sanamukumbatire. Anamuponyera epuloni n'kumulozera mulu wa mbale. Ku Rosna mlendo satsuka mbale za parishi, ndipo amayi onse a m'khitchinimo anaona n'kumvetsa. Mayi Kubena anamusunthira malo pa sinki.

"Usaganize kuti ndi chifukwa cha nyimbo," anatero Mayi Vasek akupukuta mbale imene Twila anatsuka. "Nyimbo yako sindinaikondebe. Koma anakukuwiza, ndipo unaima. Mkazi wotero angathe kusunga nyumba." Anaika mbale pashelefu. "Mpheteyo uzivula potsuka. Ndi yopyapyala."

Twila anaivula n'kuiika m'thumba la epuloni, mtima uli mbee. Tsiku limodzi lomweli anapeza mwamuna, apongozi, ndi holo yodzaza anthu oimba mawu ake. Anatsuka mbale zija ngati akuvina.

*

Dzuwa litapendeka, gulu la nkhalamba za akodiyoni linatenga nsanja kuti litsekere ndi magule akale. Amayi anavula maepuloni n'kupita kukavina. Twila anatsala yekha akutsanula madzi, ndipo atatembenuka anapeza Marcella atatsamira chitseko, kaseti ili m'manja.

"Zabwino zonse, achemwali."

"Zikomo. Pepa za abambo ako."

"Abambo anga mawa adzakhala ataiwala. Sasunga manyazi, alibe poika." Marcella anatembenuza kasetiyo. "Msuweni wanga amagwira ntchito kuwailesi. Wandibwereka chimbale chanu chonse, chija chikutuluka Lachisanu. Ndamvera. Muli ndi luso, sindikukana. Makamaka nyimbo yomaliza ija."

Madzi a m'beseni anamuthira Twila pamapazi, koma sanamve.

Yomaliza ija anailemba kalekale, iye ndi Gilbert atangodziwana, asanaganize n'komwe kuti angadzaponde m'khitchini ya ku Rosna. Gilbert anamuuza akuseka kuti amayi ake, asanakumane ndi a Laddie, anali pa chibwenzi cha ukwati ndi munthu wina, ndipo anamusiya diresi litasokedwa kale. Twila anapangapo nyimbo ya mayi amene chaka chilichonse amavina gule mmodzi yekha ndi mwamuna amene anamukana, maso atatsinzina, n'kubwerera kunyumba osalankhula njira yonse. Anaiponya kumapeto kwa chimbale, ndipo m'chipwirikiti cha hutala anaiiwaliratu.

"Mulibe dzina," anatero Twila.

"Mulibe. Muli chipsera cha uvuni pa dzanja lamanzere, chooneka ngati mwezi. Nachonso chinakana kusinthika?"

"Marcella, ukufuna chiyani?"

"Ine? Palibe. Sindiuza munthu. Zimbale zili kale m'malole, msuweni wanga akuti yomalizayo ndi imene mabwana aikonda." Anaika kasetiyo pafupi ndi sinki mosamala, ngati dzira. "Ndingodikira Lachisanu. Lachisanu ndi tsiku limene Mayi Vasek amapita kusitolo."

Anatuluka. Twila anasendera pawindo loperekera chakudya. M'holo akodiyoni inali itayamba gule wapang'onopang'ono. A Laddie anali akadali panja, akuonetsa alendo pamene anapala penti. A Ignac Pokorny anadutsa pakati pa ovina, atakonza kolala, osadzandira ngakhale pang'ono, n'kuima patsogolo pa Mayi Vasek.

Mayi Vasek anaika dzanja lawo lamanzere, la chipsera lija, paphewa la a Ignac, n'kutsinzina.